Diso la pa Kansalu

Dainess atabwerako ku maliro ku Chikale masana a Lachitatu, anapeza mwamuna wake akupalasa makina pakhonde la sitolo, mluzu uli pakamwa. Anakhala pa kampando, nawerama kuti atole tinsalu tomwe tinali mbwee pansi, monga ankachitira masiku onse. Kachitatu komwe anatola anakayang'ana nthawi yaitali. Panali diso. Diso limodzi la munthu, nsidze yake ndi theka la mphuno.

"Bambo a Lily, imitsani makina."

"Ndili pakati pa msoko."

"Ndati imitsani."

Patson Kamwendo anachotsa mapazi pa chopondera. Mawu a mkazi wake sanali aukali, anali apansipansi, ndipo n'chifukwa chake anamumvera.

"Nsalu mukusokayi wabweretsa ndani?"

"Mayi Mhone, tcheya wa amayi. Akufuna bulauzi pofika Lachisanu, Loweruka akukavina ku Mzuzu. Ndatsala ndi manja okha. Duwa lalikulu lija ndaliika pakhosi penipeni, mudzaona kukongola kwake."

"Duwa," anatero Dainess. Anayang'ana kumsewu, nayang'ana kukhomo la sitolo, kenako anayandikitsa pakamwa pake ku khutu la mwamuna wake. "Si duwa limenelo. Ndi nkhope. Ndi nsalu ya chipani. Mwaboola khosi pankhope ya mwini dziko."

Patson anaika manja pa nsalu. Anaipapasa ngati zala zingamuuze zina, koma zala zinangomva nsalu yatsopano yolimba, yofanana ndi nsalu iliyonse.

Patson anali wa ku Ntcheu. Anabwera ku Nkhata Bay ali mnyamata kudzagwira ntchito ya umesenjala ku boma, ndipo atanyamula makalata a anthu ena zaka khumi ndi zisanu, malo ake anapatsidwa kwa mphwake wa bwana wina. Kuyambira pamenepo sanakhulupirirenso munthu aliyense wokhala kuseri kwa tebulo. Anagula makina osokera, napempha khonde pa sitolo ya Mtumbuka wina pafupi ndi msika, ndipo tawuni yonse inadziwa kuti buluku la kwa Kamwendo silisomoka.

Zaka ziwiri zapitazo nkhungu inayamba m'diso lamanzere. Asanaizolowere, inawolokera kumanja. Sanauze munthu. Telala wosaona amubweretsera nsalu ndani? Choncho iye ndi Dainess anapangana zawozawo. M'mawa uliwonse, asanapite kukagulitsa usipa, Dainess ankalowetsa ulusi pa singano, kuyala nsalu, kulemba mizere yonenepa ya choko, ndi kundandalika ulusi mu bokosi: woyera kumanzere, wakuda pakati, wofiira kumanja. Zotsalazo zala za Patson zinkazidziwa zokha. Makasitomala ankawazindikira ndi mawu. Pamphuno ankaika magalasi a mphunzitsi wina yemwe anamwalira, omwe anagula pa kaunjika, ndipo sankamuthandiza chilichonse kupatula kubisa kuyera kwa maso ake. Anayesanso madzi a masamba ochokera kwa sing'anga wa ku Chintheche. Ankawotcha ngati tsabola, ndipo Patson ankati kuwotchako ndiye kugwira ntchito kwake.

Tsiku limeneli Dainess analawirira ku maliro. Mayi Mhone atafika ndi phukusi lake anangoti, "Nsalu yake mukuiona nokha, Ada, sindingakuuzeni zochita." Ada ndi momwe anthu a kumeneko amaitanira bambo. Patson anati, "Ndikuiona." Anaona zofiira, zobiriwira, ndi chinthu chachikulu chozungulira pakati. Kufunsa kuti n'chiyani kukanakhala kuulula. Anapinda nsaluyo pakati, natenga sizasi.

"Tiitenthe," anatero Patson tsopano. "Tigula ina."

"Mugula kuti? Ya chaka chino sinafike m'masitolo. Inabwera ku ofesi ya chipani, mayi aliyense yake, ndi dzina lake." Dainess anali atagwada, akusonkhanitsa tinsalu tonse m'chitenje chake. Anatiyala pa bondo n'kumatilumikiza. Chibwano chinalipo, khutu linalipo, mphumi inalipo. Anasuzumira pansi pa makina, pansi pa mpando, mpaka m'ngalande ya kutsogolo kwa khonde.

"Mukufunafuna chiyani?"

"Diso linalo. Palibe."

Mphepo ya mwera inkawomba kuyambira m'mawa, ndipo inkalowera kumsika. Pachipata cha msikawo n'pomwe ayufi ankaima tsiku lonse kufunsa anthu makadi a chipani.

Dainess anaimirira, nakutumula mawondo. "Ndikukaitana Mayi Mhone."

"Mwapenga? Mukufuna kundipereka ndi manja anu?"

"Akamva kwa ife n'kwabwino kusiyana n'kumva kwa amene watola kansaluko."

Mayi Mhone anabwera dzuwa litapendeka. Anali mayi wamkulu thupi, wa komweko ku Nkhata Bay, ndipo mwamuna wake anali kalaliki ku boma. Anawalowetsa kuseri kwa sitolo, pakati pa matumba a mchere. Atafunyulula bulauziyo, anakhala pa thumba limodzi.

"Ada Kamwendo, ndinakulakwirani chiyani ine?"

"Palibe, mayi."

"Ndiye mutu wanga uzitulukira pamenepa? Pamaso pa anthu onse ku Mzuzu?"

Patson anati anali ndi changu, anati choko chinasowa, anati dzuwa linkamuthobwa. Mayi Mhone anatambasula dzanja lake mwakachetechete n'kuliika pafupi ndi nkhope ya telalayo, zala zitatu zili m'mwamba, ndipo Patson anapitiriza kulankhula akuyang'ana thumba la mchere.

"Kuyambira liti?" Mayi Mhone anafunsa Dainess.

"Zaka ziwiri."

"Ndiye diresi langa la Khirisimasi lija anasoka munthu wosaona?"

"Simunadandaule," anatero Patson.

"Khalani chete, Ada." Mayiyo anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango. Ankaoneka wotopa kuposa wokwiya. "Mvetserani. Ine ndili ndi ana asanu, ndipo amuna anga amadya za boma. Nsalu iyi ili ndi dzina langa. Kansaluko kakapezeka adzayamba ndi ine, kenako inu. Munthu woona akadula nkhope iyi, ndi woukira, ndipo mukudziwa komwe oukira amapita. Wakhungu akadula, ndi ngozi. Musankhe kuti ndinu uti."

"Ine si wakhungu."

"Mawa mukhala. Mupite kuchipatala akakulembereni pepala. Ndipo musadzere njira ya kuseri. Mudzere pakati pa msika, nthawi yomwe nsomba zafika, akazi anu atakugwirani dzanja. Aliyense aone. Pepala lokha silikwana, pamafunika pakamwa pa anthu."

"Ndiye ntchito yanga yatha."

"Ntchito yanu yatha m'mawa uja mumanyamula sizasi."

Pobwerera kunyumba Patson anayenda yekha patsogolo, monga mwa masiku onse, akuwerenga mapazi kuchokera pa mtengo wa mango kufika pa mpopi. Anauza Dainess kuti kuchipatala sapita. Anamukumbutsa za Jackson msodzi, yemwe analowa ndi maso awiri n'kutuluka ndi limodzi.

"Jackson anabayidwa ndi mbedza," anatero Dainess, "n'kukhala mwezi wathunthu akuthiramo shuga. Diso linafika kuchipatala litawola kale. Mumadziwa zimenezi."

"Amatero iwowo."

"Chabwino. Khalani. Akabwera kudzakutengani ndikulongedzerani bulangeti. Koma mundiuze, kumeneko adzakulowetserani ulusi ndani?"

M'mawa mwake Dainess anadula ndodo ya nsungwi, naivula mwamuna wake magalasi a mphunzitsi aja. Patson anamva mphepo ikukhudza maso ake, ndipo zinali ngati amuvula malaya pagulu.

Pachipata cha msika myufi wina anawaimitsa. "Makadi."

Patson anapisa m'thumba, natulutsa khadi lomwe ankalidziwa ndi kupindika kwa ngodya yake.

"Madala, ili ndi la mgonero ku tchalitchi."

Sanachite dala. Anthu omwe anali pamzere anaseka, ndipo myufiyo atayang'ana maso oyerawo anasiya kuseka, nawauza kuti adutse.

Msika unali utadzaza. Fungo la usipa wauwisi ndi la chinangwa chonyika linamuuza Patson pomwe anali, koma Dainess sanafulumire. Anamudutsitsa pa mzere wa nsomba, pa mzere wa masamba, mpaka kwa ogulitsa kaunjika, ndodo ikugogoda mabenchi.

"Si Ada Kamwendo awa?"

"Atani kodi?"

"Maso. Taonani, ayera ngati a chambo chophika."

"Ndiye chifukwa chake buluku langa mwendo wina ndi wautali."

"Buluku lilibe mlandu, iwe, miyendo yako njomwe ili choncho."

Mawu onsewo ankawadziwa. Ankadziwa ndi miyezo ya ziuno zawo. Mayi wina anamuika nthochi ziwiri m'dzanja n'kunena kuti pepani, ndipo nthochizo zinamupweteka kuposa kuseka kuja.

Kuchipatala anadikira pa benchi mpaka dzuwa linafika pamutu. Dainess ankamunong'oneza omwe anali nawo pamzere: mwana wa maso ofiira omatana ndi manthongo, wina yemwe chikuku chinamusiyira banga, ndi gogo yemwe nsidze zake zinapindikira m'kati, moti ankazizula yekha ndi kachitsulo komangirira pakhosi.

Woona za maso anali bambo Mackford Msiska, wothandiza dokotala, munthu wolankhula pang'onopang'ono ngati yemwe wanena mawu omwewo kambirimbiri. Anawalitsa tochi.

"Kuwala mukukuona?"

"Ndikukuona."

"Kuli mbali iti?"

Patson analoza. Analozanso kachiwiri ndi kachitatu, osaphonya.

"Zala zanga ndi zingati?"

"Zilipo ndithu."

A Msiska anakanula chikope ndi chala chachikulu. "Mwakhala mukuthiramo chiyani umu?"

"Palibe."

"Madzi a masamba," anatero Dainess.

"Musiye lero lomwe. Mwatsala pang'ono kuwotcha kunja kwa diso, ndipo kumeneko kukapsa ife sitingachite kanthu. Koma mwayi mulinawo. Iyi ndi ng'ala, yakhwima maso onse awiri. M'kati mwa diso muli kagalasi kakang'ono. Munthu akamakula kamayera, kuwala n'kumalephera kudutsa. Kumbuyo kwake diso lanu ndi lamoyo, n'chifukwa chake tochi mukuilondola. Dokotala wa maso amabwera kuno mwezi wamawa. Amachotsa kagalasiko, tikupatsani magalasi ovala, basi."

"Ine ndangobwerera pepala," anatero Patson. "Lonena kuti sindiona."

"Pepala ndili nalo ndi limodzi. Limanena kuti muli ndi ng'ala ndipo mukudikira opaleshoni. Dzina lanu limalowa m'buku la dokotala."

"Dzina langa lisalowe m'buku la munthu."

"Ndiye palibe pepala." A Msiska anatseka cholembera. "Bambo, panja pali anthu makumi atatu. Ena ayenda masiku awiri kuti dzina lawo lilowe m'buku limeneli."

Patson ankamva wotchi ya pakhoma, ndi mwana uja akulira panja. Anaganiza za mpeni ukuyandikira diso lake ali m'manja mwa munthu yemwe sanamuonepo. Kenako anaganiza za kansalu kaja, kali m'thumba la malaya a munthu wina.

"Lembani. Patson Kamwendo."

Kansaluko kanatulukira Lachisanu. Ayufi awiri anafika pakhomo m'mawa, wamkulu wawo, Cyrus, atakapana pakati pa zala. Anati mayi wina wogulitsa tomato anakapeza m'dengu lake. Dainess anatulutsa pepala la kuchipatala pamodzi ndi bulauziyo. Mayi Mhone, yemwe anabwera nawo, ananena kuti anapereka nsalu osadziwa kuti telala ndi wakhungu, ndipo msika wonse unamuona dzulo akumukoka ngati mbuzi. Cyrus anawerenga pepalalo kawiri. Anagwedeza dzanja pamaso pa Patson, mwadzidzidzi, ngati akufuna kumumenya. Patson sanaphethire.

"Tatenga bulauziyi," anatero Cyrus. "Nkhaniyi sitinaitseke, madala. Tidzaona mukadzachira."

Masabata asanu Patson anakhala pakhomo, makina ataphimbidwa ndi chiguduli. Tsiku la dokotala litafika anapita, chifukwa kusapita kukanasandutsa pepala lija bodza. Anamuchita diso lamanja lokha. Linalo anati chaka chamawa. Ululu sunali woopsa monga ankaganizira. Chomwe chinamuvuta n'kugona chagada masiku asanu, timatumba ta mchenga tili uku ndi uku kwa mutu, atamuletsa kutsokomola, kuwerama, ngakhale kukwiya.

"Chomalizachi ndiye simukwanitsa," anatero Dainess akumumwetsa phala.

Atamasula bandeji, a Msiska anamuveka magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Poyamba zonse zinali zazikulu ndi zopindika, khomo litakhota ngati uta. Kenako zinthu zinakhazikika. Anaona ming'alu ya khoma. Anaona ntchentche pa chitsulo cha bedi, ndi miyendo yake yomwe. Anaona mayi wa imvi ataima kumiyendo kwa bedi, atavala bulauzi yobiriwira yokhala ndi chigamba chosokedwa ndi ulusi wofiira.

"Mwakalamba, mayi a Lily."

"Mwandikalambitsa ndinu."

"Chigamba icho anasoka ndani?"

"Telala wina wotchuka."

Patson sanaseke. Anayang'ana chigambacho nthawi yaitali, kenako anapempha kuti amupatse ndodo yake.

"Ya chiyaninso?" anafunsa a Msiska. "Masitepe okha ndiwo azikuvutani masiku oyamba."

"Ndaizolowera."

Anabwerera pakhonde mvula itayamba. Makasitomala a mabuluku ndi madiresi anali atasamukira kwa telala wina wa kufupi ndi doko, ndipo sanabwerere. Kwa Patson kunkabwera zigamba, makolala otembenuza ndi matumba obooka. Ndodo ankaitsamiritsa pa makina pomwe aliyense angaione. Pepala la kuchipatala linkakhala m'thumba la malaya, litakulungidwa m'pulasitiki pamodzi ndi khadi la chipani. Cyrus akamadutsa, Patson ankamuona kuchokera patali, mpaka batani lomwe linasowa pa malaya ake, koma ankadikira kuti alankhule kaye n'kufunsa kuti, "Ndani kodi?"

Tsiku lina m'mawa, Dainess asanapite ku benchi lake la usipa, Mayi Mhone anakwera pakhonde ndi phukusi m'khwapa, napereka moni wa kwawo.

"Timuoneni, Ada. Tamva kuti maso abwerera."

"Anthu amakamba zambiri, mayi."

"Telala wa kudoko uja wadzaziridwa, ndipo misoko yake imasomoka munthu akangokweza manja. Ndili ndi mabulauzi asanu ndi limodzi a amayi. Ntchito yabwino, ya sabata yathunthu."

Anaika phukusilo pa makina. Pepala linali litang'ambika pangodya, ndipo pong'ambikapo Patson anaona nkhope ija ikumuyang'ana, maso onse awiri ali m'malo mwake. Anaona ngakhale timizere ta inki ta pa tayi. Kunyumba ufa unali utatsala wa masiku atatu, ndipo Dainess anali chiimire pambali pake.

Patson anatambasula dzanja, napapasa m'mbali mwa phukusilo ngati akulifunafuna, kenako analikankhira kwa mwini wake.

"Ndimangoona zithunzithunzi, mayi. Zigamba zokha ndi zomwe ndikutha. Mayi a Lily, tandilowetserani ulusi, wathothokanso."

Mayi Mhone anamuyang'ana m'magalasi muja. Diso lamanja, lokulitsidwa ndi galasi, linali lakuda bii, loyera m'mbali, ndipo linali pa iye ndendende. Mayiyo anapumira m'mwamba, nanyamula phukusi lake.

"Yewo, Ada. Muchire bwino."

Anatsika masitepe n'kulowera kudoko. Dainess anadikira mpaka atakhota pa ngodya ya sitolo, kenako anaika nsonga ya ulusi m'dzanja la mwamuna wake.

"Lowetsani nokha. Ine usipa ukundidikira."

Patson anayang'ana kumanzere kwa msewu, nayang'ana kumanja. Ananyowetsa ulusiwo ndi malovu, nawerama, ndipo unalowa ulendo woyamba womwe. Anakoka thumba lobooka la msodzi wina n'kuyamba kupalasa pang'onopang'ono, ndodo ikugwedera pambali pa makina.